Mafunso a Owerenga: Ulendo wa ku Mua, Mankhamba ndi Mapanga a Chongoni

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za maulendo a kumudzi, makamaka midzi imene ili pafupi ndi malo a mbiri yakale, ndipo popeza angapo mwa iwo akukhudza boma la Dedza, tasankha kuwayankhira pamodzi. Ena tawafupikitsa pofuna kusunga malo.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndi mayi a kunyumba tikufuna kuti pa tchuthi chikubwerachi titenge ana tikaone malo ena, osati kunyanja kokhakokha kumene timapita chaka ndi chaka. Mnzanga wa kuntchito anandiuza za Mua koma sanafotokoze bwino. Kodi kumeneko kuli chiyani, ndipo tingayende bwanji kuchokera ku Lilongwe? (Bambo wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Zikomo kwambiri bambo, ndipo mnzanuyo sanakusokeretseni. Mua ndi mudzi waung'ono wa ku Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto m'boma la Dedza, ndipo unakhala m'tsinde mwenimweni mwa mapiri, pamene dziko lokwera ndi lozizira la Dedza limathera n'kuyamba chigwa chotentha cha kunyanja. Kuchokera ku Lilongwe njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya ku Salima pa msewu wa M14, kenako n'kukhotera kumwera pa msewu wa M5 kudutsa Chipoka ndi Mtakataka, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera pa Salima. Yachiwiri ndi ya M1 kudutsa pa boma la Dedza ndi Bembeke, n'kupatuka pa Masasa kutsika chitunda cha Khwekhwelele mpaka pa Golomoti, pamene mumakumana ndi M5 n'kulowera chakumpoto pang'ono. Ine ndingakonde kuti mupite ndi njira imodzi n'kubwerera inayo, chifukwa mwana amene watsika chitundacho akuona nyanja ili patali kumunsi savutikanso kumvetsa zimene aphunzitsi amanena m'kalasi za chigwa chachikulu chimene nyanja yathu inakhalamo. Msewuwo ndi wokhotakhota kwambiri, choncho onetsetsani kuti mabuleki ali bwino ndipo musautsike usiku. Ngati mukuyenda pa minibasi, kwerani zoyenda pakati pa Salima ndi Balaka, mutsike pa mphambano ya Mua, ndipo a kabaza akakufikitsani pa mishoni popeza si patali.

Chimene chinayamba kutchukitsa mudziwu ndi mishoni ya Katolika imene ansembe a chipani cha White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Ansembewa anali atayesapo kale kukhala kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anachokako mu 1891 ntchito isanapite patali, kotero kuti Mua ndi imodzi mwa mishoni zoyambirira za Katolika zimene zinakhazikika m'dziko muno n'kukhalapo mpaka lero. Mu 1927 anatsegulapo malo osamalira odwala khate, pa nthawi imene anthu odwala matendawa ankasalidwa koopsa, ndipo lero pali chipatala komanso sukulu ya ana a vuto la kumva. Kuderali n'kumenenso kunabadwira a Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Katolika mu 1937, amene pambuyo pake anadzakhala episkopi woyamba wachimalawi, woyang'anira Dedza.

Komabe alendo ambiri masiku ano amatsatira malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni, amene anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'Malawi mu 1967 ndipo eni dziko anawapatsa mfunda wa Chisale. Iwo anayamba ndi kuphunzitsa anyamata a m'midzi yozungulira kusema ziboliboli, ndipo ntchito za osema a ku Mua zinafika m'matchalitchi ambiri kuno kwathu ndi kunja komwe. Pamalopo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, imene inatchedwa dzinali pokumbukira mmishonale Jean-Baptiste Champmartin amene anatumikira pa Mua zaka zambiri. M'zipinda zake mukaona mmene Achewa, Angoni ndi Ayao amakhalira kuyambira kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro, komanso nkhope za zilombo za Gule Wamkulu zoposa 400, zimene simungazipeze zitasonkhana chotero pamalo ena aliwonse. Musathamange m'nyumba imeneyi. Lolani wokuonetsani afotokoze, ndipo ana afunse mafunso awo mpaka atope. Mukatuluka, mtsinje wa Nadzipokwe uli pomwepo, ndipo malo ogona alendo otchedwa Namalikhate alinso pafupi.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani. Anthu ambiri amafika pa mishoni, n'kuona zosungidwazo, n'kudya, n'kulowa m'galimoto osaponda m'mudzi ngakhale phazi limodzi, ndipo amabwerera kwawo akuganiza kuti aona Mua. Koma zonse zimene zapachikidwa m'zipindamo zinachokera kwa anthu a m'midzi imeneyo, ndipo miyamboyo akuichitabe. Pemphani munthu wa pamalopo kuti akuperekezeni kwa osema ziboliboli kumakomo kwawo, mukagule kwa iwo mwachindunji, mukalonjerane ndi agogo amene akukumbukira za kale, ndipo pobwerera muime pa msika wa Mtakataka kapena Golomoti mugule mpunga wa ku Bwanje ndi nsomba. Ndalama yanu ikatsala m'manja mwa eni mudzi, iwonso amaona phindu losunga malo amene inu mwadzera.

FUNSO: A Mkonzi, ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale yoyendera. Chaka chilichonse ndimauza ana kuti likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, koma ine ndemwe sindinafikeko. Ndikufuna kupita nawo ana a Fomu 2. Kodi akaonako chiyani? (Mphunzitsi wa ku Balaka)

YANKHO: Aphunzitsi, maganizo anuwa ndi abwino zedi, koma muwakonzekeretse anawo asananyamuke kuti asakakhumudwe. Mankhamba ili kufupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, osati patali ndi Mua, ndipo mukafika mudzaona midzi, minda ndi mitengo monga kwina kulikonse. Kulibe malinga a miyala onga a ku Great Zimbabwe, chifukwa Amaravi ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zinthu zimene chiswe ndi mvula zimamaliza m'zaka zochepa. Mbiri ya malowa inatsala pansi pa nthaka ndi pakamwa pa akuluakulu.

Za pansi pa nthakazo tikuzidziwa makamaka chifukwa cha katswiri wathu wofukula zakale, a Yusuf Juwayeyi, amene anakumba ku Mankhamba n'kupeza mapale a mbiya ochuluka, zipangizo za chitsulo ndi mkuwa, zibangili za minyanga ya njovu, mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ngakhalenso tizidutswa ta mbale za ku China. Zimenezi zikuchitira umboni kuti anthu a Kalonga sanali otsekeredwa kumtunda kuno, koma ankachita malonda ofika ku Zambezi ndi kugombe la nyanja ya mchere, akugulitsa minyanga, makasu a chitsulo ndi nsalu za thonje. Ufumuwu unafika pachimake m'zaka za m'ma 1600, pamene mphamvu za Amaravi zinkamveka kuchokera ku Luangwa mpaka kugombe la Mozambique. Ana anu adziwenso kuti Kalonga, amene anali wa mfunda wa Phiri, sankalamulira yekha: Nyangu, mayi wa ufumu, ndiye ankabala olowa pa mpando, pamene Mwali, mkazi wa Kalonga, ankachokera kwa a Banda, amene anali eni kachisi wopempherapo mvula. Undi ndi Lundu, amene anakakhazikitsa maufumu awo kumadzulo ndi kuchigwa cha Shire, anachokera mu ufumu womwewu. Kalonga Sosola anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo ndi Ayao, ndipo lero dzina la Kalonga lili ndi Gawa Undi wa ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakachita mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti.

Popeza zooneka ndi maso n'zochepa, phindu la ulendowu lidzadalira mafunso amene anawo adzanyamule. Auzeni akaime pamalopo n'kudzifunsa chifukwa chimene mfumu yaikulu inasankhira pamenepo: aone mtsinje wa madzi, nthaka ya chonde ya m'chigwa, nyanja imene ili kufupi chakum'mawa, ndi mapiri kumadzulo kumene kumadutsa njira zokwerera kumtunda. Mwana amene wapeza yekha mayankho amenewa ataima pamalopo sadzaiwalanso phunzirolo.

Musanapite, lemberani nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, ndipo mudziwitse mafumu a kuderalo kudzera ku likulu la Inkosi Kachindamoto, kuti akakupatseni akuluakulu ofotokoza. Likulu limeneli nalonso lili ndi mbiri yake, pakuti ndi la Angoni a Maseko amene anatsikira kuchigwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo atsikana a m'kalasi mwanu ayenera kumva za Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anakhala pa mpando mu 2003 n'kudziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Pomaliza, muwaletse anawo kutola mapale kapena mikanda n'kuika m'thumba. Lamulo loteteza zinthu zakale limaletsa zimenezo, komanso phale likachotsedwa pamene linagona, akatswiri sangadziwenso zaka zake kapena zimene linali nazo pafupi.

FUNSO: A Mkonzi, ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ana anga anabadwira konkuno. Ine ndinakulira ku Ndirande, moti moyo wa kumudzi sindiudziwa bwino. Tikadzabwera mu Disembala ndikufuna tidzagone m'mudzi weniweni kufupi ndi malo a mbiri yakale, osati kuhotela. Kodi n'zotheka, ndipo tidzatani kuti tisadzalakwire anthu? (Mayi wa ku Johannesburg)

YANKHO: Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo ana anu adzakuthokozani akadzakula. Koma m'mudzi safikamo mongotulukira ndi zikwama. Pezani kaye munthu wodziwika kumeneko, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, mkulu wa mpingo kapena woonetsa alendo, kuti iye akakupezereni banja lokusungani ndi kukuperekezani kwa anyakwawa. Mukafika pakhomo muodire, mudikire kuti akuyalireni mphasa kapena akupatseni mpando, ndipo malonje ayambe mutakhala pansi, pakuti kulankhula ndi akuluakulu uli chiimire ndi mwano. Muwafotokozere a mfumu kuti ndinu yani, kwanu n'kuti, mwadzera chiyani ndipo mukhala masiku angati, chifukwa mlendo akadwala kapena akasowa katundu, iwo ndiwo amayankha. Mphatso isakhale yodzionetsera: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi chitenje cha mayi a pakhomo n'zokwanira, ndipo muzipereke ndi manja awiri. Za ndalama ya chakudya ndi malo ogona mugwirizane kudzera mwa amene wakuperekezaniyo musanagone, chifukwa eni nyumba adzachita manyazi kutchula mtengo pamaso panu. Inu ndi ana anu aakazi muvale zitenje, ndipo anyamata avule zipewa polonjera akuluakulu.

Mwezi umene mwasankhawo ukufunika kuuganizira bwino. Disembala ndi nthawi ya dzinja, pamene anthu amalawirira kumunda kukadzala ndi kupalira, ndiponso pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kupepuka. Banja la kumudzi silingakuuzeni kuti ufa watsala pang'ono. Lidzakuphikirani nsima yabwino ndi kukupherani nkhuku, kenako lidzavutika inu mutapita. Choncho nyamulani ufa, nyemba, usipa ndi zina zokwanira inu ndi eni nyumba omwe, ndipo m'malo mowachotsa pa ntchito kuti azikuchezetsani, apempheni kuti ana anu apite nawo kumunda akagwireko khasu.

Pali malo ena amene mlendo salowamo. Mukaona nkhalango yowirira ili yokha pakati pa minda, nthawi zambiri amenewo ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa dambwe limakhala komweko kapena pafupi. Musalowemo, musathyolemo nkhuni, ndipo ana asapiteko pofuna mthunzi kapena zipatso. Mukakumana ndi gule panjira, patukani mumupatse malo, osamuseka, osamuloza chala ndiponso osamujambula popanda chilolezo. Pabwalo pamene gule akuvinidwa poyera, khalani kumene akuuzani ndipo musupe monga achitira ena. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, dziwani kuti pali maliro, ndipo galimoto iyende pang'onopang'ono, wailesi itsekedwe. Ngati zovutazo zagwa m'mudzi umene mukukhala, ulendo wokaona malo uyambe waima, mupite kukakhala nawo pasiwa ndi kupereka chipepeso. Pa zonse zimene mukukayika funsani eni mudzi, pajatu safunsa anadya phula.

Chinthu china chimene sindigwirizana nacho konse ndi chizolowezi cha alendo ena chogawira ana a m'mudzi maswiti ndi ndalama pamsewu, kapena kuwajambula n'kuika zithunzi zawo pa Facebook makolo awo osadziwa. Khalidwe limeneli limaphunzitsa ana kupempha ndi kuthawa sukulu akaona galimoto. Ngati mtima wanu wafuna kuthandiza, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pafupi ndi makope ndi zolembera.

Za umoyo musazitenge mopepuka. Ana amene anakulira ku Johannesburg matupi awo sanazolowere malungo, ndipo chigwa cha Mtakataka chimakhala ndi udzudzu wambiri nthawi ya mvula, choncho kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, mugone m'neti usiku uliwonse, mumwe madzi a pa mjigo kapena owiritsa, ndipo ana asasambe m'madzi odikha chifukwa cha likodzo. Tsiku lochoka mukatsazike kwa a mfumu monga munalonjera pofika.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndi anzanga tinaona zithunzi za zojambula za m'mapanga a ku Dedza, ndipo tinatsutsana kwambiri. Ena akuti anajambula ndi Akafula, ena akuti ndi ana a sukulu a masiku ano omwewa. Zoona ndi ziti? Nanga tingathe kupitako tokha popanda wotiperekeza? (Wophunzira wa ku Zomba)

YANKHO: Achimwene, mtsutso wanuwo uli ndi yankho lomveka. Malo amene mukunenawo ndi a Chongoni, m'mapiri a miyala ndi nkhalango kumpoto kwa tauni ya Dedza, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Dera lake ndi lalikulu masikweya kilomita 126, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula, kuchuluka kumene sikupezeka kwina m'chigawo chino cha Africa. Nkhalango ya Chongoni inayamba kutetezedwa ndi boma mu 1924, ndipo mapanga ena a Chentcherere anaikidwa m'gulu la malo otetezedwa a dziko mu 1969.

Zojambulazo zili za mitundu iwiri, ndipo aliyense akhoza kuzisiyanitsa ndi maso. Zofiira ndizo zakale kwambiri, ndipo zambiri mwa izo ndi mizere, timadontho ndi zozungulira zina mkati mwa zinzake. Zimenezi ndi za Akafula, amene ena amawatcha Abathwa, anthu amene ankakhala mosaka nyama ndi kutola zakutchire alimi asanafike m'dziko muno. Katswiri wina wotchuka, J. Desmond Clark, anakumba m'phanga la Mwana wa Chentcherere mu 1972, ndipo zipangizo za miyala zimene zapezeka m'derali zikuonetsa kuti anthuwa anakhalamo kuyambira zaka zoposa 2,000 zapitazo. Zoyera ndi za Achewa, zojambulidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, ndipo kawirikawiri zinajambulidwa pamwamba pa zofiirazo, umene ndi umboni wakuti zinabwera pambuyo. Zambiri mwa zoyerazi zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo, yoonedwa kuchokera pamwamba, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, pakuti anamkungwi ankagwiritsa ntchito mapangawa polangiza anamwali kutali ndi maso a amuna. Zina zoyera, makamaka ku Namzeze, ndi zilombo za Nyau monga Kasiyamaliro, ndipo zinajambulidwa m'nthawi yovuta ya nkhondo za Angoni ndi kubwera kwa atsamunda, pamene eni gule ankabisa mwambo wawo m'mapiri. Luso limeneli linapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900, ndipo chimene chinachititsa UNESCO kulemekeza malowa n'chakuti miyambo imene inabala zojambulazo ikadali ndi moyo m'midzi yozungulira.

Tsono anzanu amene akutchula ana a sukulu nawonso anaona chinachake choona, ndipo n'chomvetsa chisoni. M'mapanga ena, makamaka amene ali pafupi ndi msewu, anthu analemba maina awo ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambula zakalezo. Chojambula chimene chinapirira dzuwa ndi mphepo kwa mibadwo yosawerengeka chimaonongeka m'mphindi imodzi ndi dzanja la munthu wofuna kuti adziwike kuti anafikako, ndipo palibe mmisiri amene angachibwezere mwakale. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mukafika musakhudze thanthwe ndi manja, popeza thukuta limadetsa utoto. Musathirepo madzi pofuna kuti mitundu iwale pa chithunzi. Ndipo musasonkhe moto m'phanga, chifukwa mwaye umakwirira zonse.

Malo amene alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu. Chentcherere ali kufupi ndi sukulu ya zankhalango ya ku Chongoni ndipo savuta kufikako kuchokera pa Dedza. Namzeze amafuna kukwera phiri wapansi, choncho valani nsapato zolimba ndipo nyamulani madzi. Mphunzi ali kumadzulo kwa msewu wa M1, pa msewu wafumbi, ndipo ngati mpata muli nawo wa malo amodzi okha, ine ndingasankhe kumeneko, chifukwa zofiira ndi zoyera zomwe zimaoneka bwino m'matanthwe angapo ozungulira phirilo, ndipo mumayenda kudutsa m'midzi ndi m'minda ya anthu. Kuderali kulinso mishoni yakale ya Mphunzi, imene amishonale a Dutch Reformed anaitsegula mu 1903 ndipo tsopano ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma.

Za kupita nokha, yankho langa ndi lakuti ayi. Mapangawa ndi obisika, tinjira take n'tambiri, ndipo mukhoza kudutsa pansi pa thanthwe lojambulidwa osaliona. Kuposa apo, malowa ali ndi eni, ndipo gulu la anyamata achilendo lolowa m'phiri osalonjera limadzetsa mantha ndi mafunso m'mudzi. Pezani woperekeza wa komweko ndipo mumulipire moyenera. Akafika pa chojambula china n'kunena mwachidule kuti zimenezi ndi za amayi, musamuumirize kuti amasulire, chifukwa pali zina zimene amazidziwa anamkungwi ndi amene anavinidwa okha, ndipo ulemu wa mlendo ndi kulekera pomwepo.

FUNSO: A Mkonzi, ndine mkulu wa mpingo, ndipo achinyamata athu akufuna kukaona malo a ku Mua. Ena mwa makolo akuti kulowa m'chipinda cha zinyau ndi kuyanjana ndi zachikunja. Mbali inayi, amalume anga, amene ndi ometa, akuti n'kulakwa kuonetsa zinthu zimenezi kwa anthu osameta. Ndimvere ziti? (Bambo wa ku Mchinji)

YANKHO: Bambo, nkhawa ziwiri zonsezi n'zakale, ndipo ku Mua komweko n'kumene zinalimbana kwambiri. M'zaka za m'ma 1920 panali mkangano waukulu pakati pa mishoni ndi eni Nyau a m'midzi yozungulira. Ansembe ankaona kuti dambwe likuchotsa anyamata m'sukulu ndi m'kalasi ya ubatizo, pamene mafumu ankaona kuti sukulu za mishoni zikulanda ana m'manja mwa makolo ndi kupeputsa ufumu wawo. Zilombo monga Maliya ndi Simoni, zimene zimavinidwa mpaka lero, zinabadwa m'nthawi ya kukumana kwa Achewa ndi amishonale ndi azungu. Maganizo a Mpingo wa Katolika pa miyambo ya anthu anasintha kwambiri pambuyo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, ndipo Kungoni ndi chipatso cha kusinthako: mishoni yomwe inkalimbana ndi gule ndiyo inadzakhala yosunga mbiri yake. Mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chuma cha anthu a dziko lonse.

Maganizo anga ndi akuti kuona ndi kumva kufotokoza si kupembedza. Wachinyamata wachikhristu wa ku Mchinji amakhala ndi abale ndi anansi a gule tsiku ndi tsiku, ndipo ndi bwino adziwe kuti chilombo chilichonse chili ndi phunziro lake, lina lodzudzula ulesi, lina chiwerewere, lina nkhanza za olamulira, kusiyana n'kuti azingowaopa kapena kuwanyoza abale akewo. Komabe chikumbumtima cha munthu sachikakamiza. Fotokozerani makolo zonse ulendo usanachitike, ndipo amene mtima wake sukumulola akhoza kutsala panja n'kukaona tchalitchi, osema ziboliboli ndi mbali ya Angoni ndi Ayao, popanda wina womuseka.

Mawu a amalume anu nawonso musawataye. Kwa munthu wometa zimenezi si zokongoletsera khoma, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chodera nkhawa. Choncho alangizeni achinyamatawo kuti alowe mwaulemu, asachite phokoso kapena nthabwala, asafunse zinsinsi za kudambwe, ndipo asatulutse foni kuti ajambule asanafunse ngati n'kololedwa. Mukabwerako, akhale pansi ndi amalumewo n'kuwafotokozera zimene aona, kuti iwo awongole pamene pakufunika kuwongola.

FUNSO: A Mkonzi, kodi Mua ndi Chongoni tingathe kuziona tsiku limodzi? Nanga nyengo yabwino ndi iti? (Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre)

YANKHO: Mayi, pa mapu malowa amaoneka oyandikana, koma pakati pake pali chitunda chachikulu, ndipo kuchokera ku Blantyre mungathere tsiku lonse m'galimoto. Patulani masiku awiri kapena atatu: loyamba mudzere ku Balaka pa M5 n'kugona ku Mua, lachiwiri muone Kungoni ndi Mankhamba m'mawa kusanatenthe kenako mukwere ku Dedza, ndipo lachitatu mupite kumapanga. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene misewu yafumbi imakhala youma, anthu atakolola ndipo ali ndi mpata wocheza, komanso miyambo yambiri ya m'midzi imachitika nthawi yomweyo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, choncho tengani majuzi ngakhale mukuchokera kuchigwa kotentha. Ngati muli gulu ndipo mukufuna kuonera magule ku Kungoni, imbani foni masiku angapo musananyamuke kuti mumve za mitengo ndi malo ogona, popeza ovinawo amachokera m'midzi ndipo amafunika kuuzidwa nthawi ikadalipo.